Mayina Atasowa pa Kaundula wa Makuponi, Chala Chinaloza Ine

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse amene mwapeza mpata wowerenga mawu ano. Dzina langa ndine Esinati, kwathu ndi kwa Wimbe ku Kasungu. Ndikufuna ndikuuzeni za chaka chimene anthu a m'mudzi mwathu, omwe aja anandiperekeza ndi nthungululu popita kuyunivesite, anandisandutsa mdani, mpaka tsiku lina ndinabisala kuseri kwa matumba a shuga m'sitolo, gulu la anthu likundifuna panja. Nkhaniyi ndakhala nayo chete nthawi yaitali chifukwa ndikaikumbuka mtima umagundabe, koma ndaona kuti kubisa zimene Mulungu anandichitira ndi kusayamika.

Makolo anga ndi alimi a fodya wa bale. Kuyambira ndili wamng'ono, nthawi yothyola fodya ikafika mayi anga ankadwala. Ankalowa m'munda m'mamawa masamba ali chinyowere ndi mame, pofika masana n'kubwera akudzandira, mutu ukuwawa, chizungulire, nseru, kusanza mpaka ndulu. Kuchipatala akawayeza malungo sankapezeka. Akagona masiku awiri ankadzuka ali bwino, n'kubwerera kumunda, n'kudwalanso. Ena ankati pali munthu wansanje amene wawatchera m'munda. Ena, makamaka akuchimuna, ankati ndi ulesi chabe, mayi akuthawa ntchito. Mawu aulesiwo ankandipweteka kuposa onse, chifukwa ine ndi amene ndinkawagwira mutu akamasanza kuseri kwa chigafa.

Sekondale ndinaphunzira yoyendera, yopanda chipinda choyeseramo za sayansi. Zida zonse tinkaziona zojambulidwa ndi choko pabolodi, n'kuloweza mayina ake. Mwa chisomo ndinasankhidwa kukaphunzira sayansi kuyunivesite, koma nditafika ndinapeza anzanga amene zidazo anayamba kuzigwira ali Fomu 1. Ine ndinkakhala kumbuyo, osafunsa funso, ndikuopa kuti tsiku lina wina adzazindikira kuti anandisankha molakwitsa.

Ndili chaka chachiwiri, pabolodi la zidziwitso panamatidwa pepala. Linkanena kuti pali mwayi woti ophunzira a sekondale ndi a kuyunivesite alowe m'kafukufuku weniweni, aliyense n'kupatsidwa mphunzitsi womutsogolera kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pamwamba pake panali liwu limene ndinalephera kulitchula, loti metabolomikisi. Ndinalidutsa pepalalo masiku angapo ndikudziuza kuti zimenezi ndi za ana a m'tauni. Kalata yanga ndinakaponya tsiku lomaliza, ofesi itatsala pang'ono kutsekedwa.

Amene anandiitana anali a Dokotala Gondwe, mayi wamfupi, wolankhula motsitsa mawu. Ndinali nditaloweza zambiri, koma sanandifunse chilichonse cha m'mabuku. Anangoti, "Esinati, ndi funso lanji limene limakusowetsa mtendere?" Ndinawauza za mayi anga. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Atatero anandifotokozera kuti thupi la munthu likamagaya chakudya, likamalimbana ndi matenda kapena ndi poizoni, limasiya tizinthu ting'onoting'ono m'magazi ndi mumkodzo, monga mmene nyama imasiyira mapazi padothi lonyowa. Ntchito ya metabolomikisi ndi kuwerenga mapazi amenewo, ambirimbiri nthawi imodzi, kuti udziwe chimene chadutsa m'thupi. Anatinso n'zodziwika kale kuti chikonga cha m'fodya chimatha kulowa pakhungu munthu akamagwira masamba onyowa, ndipo zimene ndafotokozazo zikufanana nazo. "Koma kufanana si umboni," anatero. "Ngati ukufuna, tiye tikaone zimene matupi a anthu akwanu akunena."

Umu ndi mmene ananditengera m'kafukufukumo. Kwa miyezi ingapo ndinaphunzira kuyeza timadontho, kulemba manambala patimabotolo, kusunga zinthu pozizira, ndi kulemba m'kope chilichonse chimene ndachita, ngakhale cholakwika. Ndinataya madzi oyesera kambirimbiri. A Dokotala sankakalipa, ankangoti bwereza. Pa chinthu chimodzi chokha ndi pamene sankaseka: ankati munthu amene wakupatsa chochokera m'thupi mwake umuuze zoona zokhazokha, ndipo utsimikize kuti wamva.

Dongosolo lathu linali lotere. Tinkafuna mkodzo wa alimi omwewo kawiri, koyamba nthawi yothyola fodya, kachiwiri m'chilimwe pamene sakugwira masamba aawisi, kuti tifananize. Popanda wachiwiriwo, woyambawo unalibe ntchito. A Dokotala anayenda m'maofesi kutenga zilolezo zonse, a zaumoyo ndi mafumu anadziwitsidwa, ndipo mu Febuluwale ndinatsika kwathu ndi bokosi la buluu losungira zinthu pozizira.

Kumudzi kwathu kulibe magetsi, choncho ndinkafuna poumitsira mapaketi a ayezi oika m'bokosimo. Pamsika wathu pali sitolo ya Che Saidi, Msilamu wa ndevu zoyera amene anabwera kudzachita malonda ine ndisanabadwe. Anali ndi firiji ya zakumwa ndi kajenereta. Sitinkadziwana kwenikweni, kupatula kuti ndili mwana ndinkagulako machesi ndi mchere. Nditawafotokozera anaseka n'kunena kuti, "Ayeziwo bweretsa, mwanangu, koma timabotolo takoto tisayandikire firiji yanga." Tinagwirizana choncho.

Anthu anabwera ambiri kuposa mmene ndinkayembekezera. Aliyense ndinkamuwerengera pepala la chilolezo, iye n'kusaina kapena kudinda chala. Ndinawauza kuti patimabotolo padzakhala manambala, osati mayina, ndipo kuti tikakakonza kuyunivesite tidzatumizidwa kunja kwa dziko kumene kuli makina aakulu oyezera. Ndinanenanso kuti palibe cholandira. Koma apa ndi pamene ndiyenera kuvomera kulakwa kwanga. Masiku amenewo munthu akaona wina wochokera kutauni ali ndi mapepala akulemba mayina, maganizo ankathamangira ku makuponi a fetereza wotsika mtengo. Ndinamva ndi makutu anga amayi ena pamzere akunong'onezana kuti tiyeni tilembetse, mwina muli kanthu. A Mwale, oyandikana nawo nyumba makolo anga, atadinda chala anandifunsa kawiri konse kuti, "Ndiye feterezayo tiyembekezere liti, mwana wa a Phiri?" Ine ndinaseka, ndinati zimenezo palibe, n'kuitana wotsatira. Ndinayenera kuimitsa mzere wonse n'kufotokozanso mpaka aliyense amve. Sindinatero. Ndinkakondwa kuona bokosi likudzaza, ndipo ndinkaopa kuti ndikalimbikira kunena anthu achoka.

Miyezi yotsatira ndinali mu labotale, kusefa ndi kugawa zimene ndinatengazo n'kuziika mufiriji yozizira koopsa. Magetsi akathima mtima unkakhala m'malere mpaka jenereta ilire. Koma ndinali wokondwa, ndipo ndinayamba kufunsa mafunso m'kalasi.

Mu Okutobala ndinabwerera kwathu kukatenga mkodzo wachiwiri uja. Sindinadziwe kuti sabata yomweyo mayina a olandira makuponi anali atawerengedwa pabwalo la sukulu, ndipo ambiri sanamve mayina awo. Nditatsika pa kabaza ndinapereka moni kwa amayi amene anali pamjigo, koma palibe anayankha. Mmodzi anakoka mwana wake n'kumubisa kumbuyo. Nditafika kunyumba mayi anandilowetsa msanga n'kutseka chitseko, dzuwa lili pamutu.

Anandiuza kuti m'mudzi monse mukumveka zoti mapepala amene anthu anadinda aja ndinakagulitsa kwa mavenda, ndipo makuponi awo anatuluka kudzera kwa ine. Ena ankawonjezera kuti mkodzo uja ndinautumiza kunja kwa anthu a zausatana, n'chifukwa chake mwana wa mlimi wosauka akutha kukhala kuyunivesite. Panali ena amene anayamba kutchula za anamapopa, ndipo aliyense wokulira kwathu kuno amadziwa zimene zimachitikira munthu akapakidwa dzina limenelo. Choonadi chija ndinawauza, choti timabotolo tidzapita kunja, ndi chimene chinasanduka mkondo wondibaya.

M'mawa mwake bambo anapita kudambo kukathirira nazale ya fodya, koma sanachedwe. Anabwera ndi ndowa yopanda madzi, n'kukhala pakhonde. Mabedi onse anali atapondedwapondedwa, mbande zitazulidwa n'kumwazidwa. Mlimi wa fodya wopanda mbande mu Okutobala ndiye kuti chaka chamuthera. Atakhala nthawi anandiitana. Sanandiyang'ane kumaso, ankayang'ana zala zawo za kumapazi.

"Esinati, ine ndine bambo wako, usandibisire. Mapepala aja unapita nawo kuti?"

Abale anga, mawu a anthu akunja ndinkatha kuwapirira, koma funso limenelo linandithyola msana. Ndinatulutsa mapepala onse m'chikwama n'kuwaika pamiyendo pawo, koma bambo satha kuwerenga bwino, anangowagwira n'kundibwezera. Tsiku limenelo sindinadye. Ndinkati ndikamva phazi panja ndinkadzidzimuka. Ndinayesa kupemphera koma ndinalephera, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina Mulungu akundilanga chifukwa chofuna zinthu zosayenera anthu ngati ife.

Madzulo ake ndinakwera pachulu pamene foni imagwira n'kuimbira a Dokotala Gondwe. Atamva zonse anati, "Siya zonse, ubwere mawa m'mawa. Kafukufuku tikhoza kumutseka, koma iwe sitingakupeze wina." Ndinadziwa kuti akunena zoona, komabe ndinalira. Ntchito ya chaka chonse inali kupita m'madzi, makolo anga ndinali kuwasiya pakati pa anthu owada, ndipo funso la matenda a mayi linali kutsala pomwe linali.

Tsiku lotsatira linali la msika. Mayi anandiuza kuti bokosi la buluu ndilisiye, koma ine ndinati ndi katundu wa sukulu, sindingabwerere wopanda. Ndinalikulunga ndi chitenje n'kulisenza ngati dengu. Ndinayenda bwino mpaka pamene pamaima maminibasi, pafupi ndi sitolo ya Che Saidi. Potula, chitenje chinatsetsereka. Ndinangomva mawu a mwamuna akuti, "Ndi uyo! Wabweranso ndi chibokosi chake!"

Sindidziwa kuti anthu anachuluka bwanji mofulumira chotero. Ogulitsa tomato, a kabaza, azibambo amene ankamwa tiyi, onse anandizungulira. Wina anandilanda bokosi n'kulitaya pansi, timabotolo topanda kanthu tinamwazika m'fumbi, ndipo anthu atationa anakuwa ngati aona njoka. Mwala unandimenya paphewa. Ndinkayesa kulankhula koma ngakhale ine sindinkadzimva. Kenako dzanja lolimba linandigwira pamkono n'kundikokera kumbuyo, kukwera masitepe, kudutsa pakauntala, mpaka m'kachipinda kosungira katundu. Anali Che Saidi. Anati, "Khala pansi, usatuluke," n'kutseka.

M'kachipindamo munali matumba a shuga ndi mchere, ndi fungo la sopo ndi palafini. Ndinagwada pakona. Pemphero langa silinali lokongola ngati la m'tchalitchi. Ndinkangobwereza kuti, "Yesu, musalole ndifere pano. Mayi anga asadzanditole pamsika. Ndinalakwa kuseka tsiku lija, ndikhululukireni, koma musandisiye." Panja ankamenya malata a khonde, ena akuti atulutsidwe, ena akuti tiyatsa sitoloyi. Ndinaganiza za palafini amene anali pambali pangayo, ndipo mkodzo unatsala pang'ono kundipulumuka.

Pachitseko panali mng'alu, ndipo mantha omwewo anandikankha kuti ndisuzumire. Ndinaona msana wa Che Saidi ataima pakhonde ndi mkanjo wawo woyera, manja ali m'mwamba. Anadikira mpaka phokoso linatsikako. Sanakuwe.

"Abale anga, nonsenu ndimakudziwani, ndipo inunso mumandidziwa. Ndingofunsa chinthu chimodzi, mukayankha muchite zimene mwabwerera. Amene mayina anu asowa pa makuponi chaka chino, imikani manja."

Manja anaimikidwa ambirimbiri, anthu akung'ung'udza.

"Chabwino, musatsitse. Tsopano amene munadinda chala papepala la mwanayu, inu nokha tsitsani."

Anatsitsa anthu owerengeka. Manja ochuluka anatsala m'mwamba, ndipo eni ake anayamba kuyang'anana.

"Nanga inu amene simunadinde," anatero Che Saidi, "mayina anu anagulitsa ndani?"

Kenako kumbuyo kunamveka mawu a mayi wina wogulitsa mandasi, a Nabanda, amene timapemphera nawo mpingo umodzi. Anati, "Ine ndinadinda, koma dzina langa latuluka." Wina anawauza kuti akhale chete, koma iwo anabwereza mokweza. Che Saidi anafunsanso ngati dzina la a Phiri, bambo anga, linatuluka. Anthu anadziwa kuti silinatuluke, ndipo Che Saidi anapitiriza. "Ndiye mwanayu waba fetereza wa mudzi wonse, n'kumana bambo ake omubereka?"

Ena anayamba kutola timabasiketi tawo n'kumachoka. Koma a Mwale anabwera kutsogolo, maso ali psuu. Anati za makuponi zikhale apo, nanga mkodzo wathu uli kuti, ndipo akuchita nawo chiyani kunjako? Funso limenelo linautsanso phokoso. Che Saidi anayankha kuti, "Zimenezo ine sindizidziwa, ndipo sindinama kuti ndikuzidziwa. Ali ndi mphunzitsi wake, abwere adzayankhe pamaso panu Loweruka. Kufikira tsikulo mwanayu ndi mlendo wanga, agona m'nyumba mwanga. Akathawa, mudzandigwire ine."

Umu ndi mmene gululo linabalalikira. Che Saidi anatola okha timabotolo tija m'fumbi n'kutibwezera m'bokosi, iwo amene ankakana kuti tiyandikire firiji yawo. Anandipatsa foni kuti ndiimbire a Dokotala, ndipo nditalephera kulankhula anailanda n'kufotokoza okha. A Dokotala anangoti, "Loweruka ndifika."

Masiku awiri odikira Loweruka ndinakhala kunyumba kwa Che Saidi kuseri kwa sitolo. Akazi awo ananditsuka bala la paphewa n'kundipatsa chitenje chosinthira. Nthawi yawo yopemphera ikakwana ankayala mkeka n'kupemphera, ine n'kumapemphera zanga pampando, ndipo palibe anafunsa mnzake. Koma mtima sunakhale pansi. Ndinkaganiza kuti bwanji galimoto ikawonongeka panjira a Dokotala osafika, Che Saidi adzatani ndi anthu aja? Bwanji akafika anthu n'kuwagenda? Mayi anabwera kudzandiona kamodzi, atazungulira njira ya kumunda kuti asaonedwe. Bambo sanabwere.

Loweruka a Dokotala anafika dzuwa lisanakwere, ali ndi a zaumoyo a m'dera lathu ndi alangizi a zaulimi. Anthu anadzaza chipinda cha sukulu ya pulayimale, ena ataima m'mawindo. Alangizi anafotokoza kuti makuponi chaka chimenecho anabwera ochepa poyerekeza ndi mabanja ofuna, ndipo kaundula wawo sanakhudzane ndi mapepala anga. A Dokotala anatsegula kompyuta n'kuiyendetsa m'manja mwa anthu, kuwaonetsa zithunzi za firiji ya ku labotale ndi timabotolo tawo tili m'mizere ndi manambala, tisanapite kulikonse. Anati aliyense wofuna kutuluka m'kafukufuku ali ndi ufulu, botolo lake lidzatayidwa ndipo palibe adzamufunse chifukwa. Ine ndinkaganiza kuti amaliza okha zonse. Koma anatembenuka n'kunena motsitsa kuti, "Funso la kafukufukuyu ndi lako, Esinati. Imirira uwauze."

Ndinaimirira. Ndinayamba ndi kupepesa. Ndinati ndinamva anthu akuyembekezera fetereza ndipo sindinawaletse mokwanira, kulakwa kumeneko ndi kwanga. Kenako ndinawauza chifukwa chimene ndinayambira ntchitoyi. Ndinafotokoza za mayi anga akusanza kuseri kwa chigafa, za malungo osapezeka, za mawu aulesi aja. Ndinafunsa kuti ndi angati m'chipindamo amene zoterezi zimawachitikira nthawi yothyola. Amayi ambiri anagwedeza mitu, ena anayankha mokweza. Ndinati sindikulonjeza mankhwala kapena thumba la fetereza, ndikungofuna tidziwe chimene chimatidwalitsa.

A Mwale anaimirira n'kunena kuti botolo lawo litayidwe. Anatsatira ena angapo, ndipo dzina lililonse likamatchulidwa mtima wanga unkatsika. A Dokotala ankalemba modekha, akuthokoza aliyense. Kenako amene anadzuka anali mayi anga. Mayi salankhula pagulu, ngakhale ku Mvano wa amayi kutchalitchi amakhala kumbuyo. Anayenda mpaka kutsogolo, anagwada pang'ono mwaulemu, n'kutambasula dzanja. "Ndipatse kabotolo kanga, mwanangu, ndikufuna ndidziwe." A Nabanda anadzuka pambuyo pawo. Kenako mzere unayamba. Sanabwere onse, koma a Dokotala atawerenga anandiyang'ana n'kunena kuti akwanira.

Potuluka ndinapeza bambo ataima pansi pa mtengo wa mthethe atagwira njinga. Anatenga bokosi la buluu lija n'kulimangirira pakaliyala, n'kukankha njingayo okha kudutsa pakati pa msika wonse mpaka pagalimoto ya a Dokotala, anthu akuona.

Sindinama kuti zonse zinakhala bwino nthawi yomweyo. Kuponi sitinalandire, ndipo chimanga chaka chimenecho chinali chofiira masamba, chosakwanira. Mbande za fodya anatigawira a Nabanda ndi mabanja ena awiri pa zotsala zawo, tinawokera mochedwa ndiponso theka la munda lokha. Amene anaponda nazale sitinamudziwe mpaka lero. Ine ndinatha miyezi ndikudzidzimuka ndikamva anthu akukuwa pamsika uliwonse.

Zotsatira zinabwera patapita miyezi yambiri. Zinali mizere pakompyuta, yokwera ndi yotsika ngati mapiri, ndipo a Dokotala anakhala nane masabata akundiphunzitsa kuiwerenga. Mumkodzo wa nthawi yothyola munali zotsalira za chikonga zoonekeratu, ngakhale mwa amayi amene sanasutepo fodya chibadwire, pamene mwa chilimwe zinali zitatsika. Panalinso tizinthu tina tosintha timene sitinathe kutimasulira, ndipo a Dokotala anandiphunzitsa kulemba kuti sitikudziwa pamene sitikudziwa. Anatinso kafukufuku wathu ndi wamng'ono, tisamukuze kuposa msinkhu wake. Botolo la mayi anga sindinalidziwe, chifukwa pepala lolumikiza mayina ndi manambala ankasunga ndi a Dokotala, koma ndinayang'ana mizere ija misozi ikutsika. Mayi anga sanali aulesi.

Tinabwerera kukawauza anthu zimene tinapeza, m'chipinda chomwe chija. A zaumoyo anawalangiza kudikira mame aume asanalowe m'munda ngati n'kotheka, kuvala zophimba mikono ndi chifuwa zosalowa madzi, kusintha zovala zikanyowa, ndi kusamba ndi sopo akaweruka. Mayi anatsatira, ndipo kudwala kuja kunachepa kwambiri, ngakhale masiku a mvula yosalekeza kumabwerabe. A Mwale sanabwere kumsonkhanowo ndipo sanandipepesepo. Koma nyengo yothyola yotsatira ndinadutsa pamunda pawo, ndinaona iwo ndi akazi awo atavala matumba a pulasitiki obowola pamutu ndi m'mikono. Anandiona, anaweramira kufodya wawo, ine ndinapereka moni n'kupitirira.

Lero ndimagwira ntchito mu labotale, ndipo tchuthi chilichonse timalandira ophunzira a sekondale ndi a kuyunivesite kuti tiwatsogolere monga ananditsogolera ine. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha a Dokotala Gondwe, amene anali okonzeka kutaya kafukufuku kuti apulumutse ine, komanso sanandilole kubisala kumbuyo kwawo. Inu achinyamata a m'masukulu a kumudzi, mukaona mwayi wotere musadzichotse nokha pamzere, lembani kalatayo ngakhale muli ndi mantha. Ndipo mukadzapita kwa anthu ndi mapepala, nenani zoona, mubwereze, mubwerezenso, ngakhale mzere uchepe. Inu amene mukunamiziridwa lero, amene ngakhale a m'nyumba mwanu ayamba kukukayikirani, musaleke kupemphera, ngakhale pempherolo likhale la mawu atatu.

Nditamaliza maphunziro ndinapita kukathokoza Che Saidi. Ndinawapeza akupima misomali pasikelo. Ndinawafunsa kuti nzeru yoimitsa manja ija anaitenga kuti, ndipo analimba mtima bwanji pamaso pa gulu lija. Anaika misomali pansi n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Kulimba mtima kwanji, mwanangu? Mkanjo ndi umene unandibisa, miyendo inkagundana m'katimo. Potuluka pakhonde paja ndinalibe liwu ndi limodzi lomwe m'mutu. Ndinangotsegula pakamwa, funso lija n'kutuluka. Nanenso ndinalimva koyamba pamodzi ndi anthuwo."

Ndinawauza kuti nthawi yomweyo ine ndinali nditagwada kuseri kwa chitseko chawo ndikupempha kuti ndisafe. Anasisita ndevu, kenako analoza kumwamba ndi chala n'kunena kuti, "Basi, Mwini wake anamva."

Anamvadi. Ulemerero ukhale kwa Iye, ndipo mtendere wake ukhale ndi inu nonse. Ameni.